Ndani Wakulitsa Zilembo?

Panali munthu wina, mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina ya kumudzi, dzina lake Yotamu Chadzunda. Anali munthu wadongosolo. Nsapato zake zinali ndi malo ake, choko chake chinali ndi malo ake, ndipo chinthu chikasuntha m'nyumba mwake ankadziwa asanakhale n'komwe pansi. Sankamwa mowa, sankamenya mkazi, sankakweza mawu. Anthu a pasukulupo ankati mkazi wake anachita mwayi.

Mkaziyo anali Nankhoma. Anakhala m'banja zaka zambiri, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Ulemu, anali atapita kukoleji. M'nyumbamo munatsala anthu awiri ndi wailesi.

Yotamu anali ndi laputopu yomwe ankalembera mayeso. Pasukulupo mapepala ankasowa, choncho anaikonza mwanzeru. Mu pulogalamu yolembera muli njira ziwiri zosinthira maonekedwe a tsamba. Ukhoza kusintha tsamba limene ukulembalo lokha, ndipo ukatsegula lina limabwera monga kale. Koma pali malo ena mkati, obisika pang'ono, pamene umauza makinawo mmene tsamba lililonse latsopano lizibwerera. Ukasintha pamenepo, makinawo amafunsa: tsamba lino lokha, kapena masamba onse kuyambira lero? Yotamu anapita pamenepo. Anachepetsa zilembo, anathinitsa mizere, anachepetsanso mpata wa m'mbali mwa tsamba, n'kusankha masamba onse. Mayeso amene anzake ankadzaza nawo mapepala angapo, iye ankawalowetsa pa pepala limodzi, kutsogolo ndi kumbuyo. Ankanyadira zimenezi.

Nankhoma nayenso ankaigwira laputopuyo. Amayi a kutchalitchi anamusankha kukhala mlembi wa gulu lawo, ndipo Yotamu anamuphunzitsa kuyatsa, kulemba ndi kusunga zimene walemba. "Zinazi musakhudze," anatero. Mkaziyo ankalemba ndi zala ziwiri, m'mawa mwamuna wake ali m'kalasi, chifukwa ku ofesi ya aphunzitsi kunalibe magetsi ndipo laputopuyo inkatsala kunyumba.

Tsiku lina mvula yoyamba itangogwa, Yotamu anabwera kuchokera kukalasi, anasamba m'manja, n'kukhala patebulo kuti alembe mayeso. Anatsegula tsamba latsopano. Atalemba mawu oyamba, anachotsa manja. Zilembo zinali zikuluzikulu ngati za pa chikwangwani cha golosale, zonenepa, zakuda bii, mizere itatalikirana moti pakati pake pakanalowa chala. Anaganiza kuti mwina wadina molakwika. Anatseka tsambalo n'kutsegula lina. Linabwera chimodzimodzi.

Anapita ku malo obisika aja. Anapeza kuti zonse zimene anaika zasinthidwa, ndipo wosinthayo sanachite mwangozi. Anali atasankha mtundu wina wa zilembo, atakweza saizi, atatalikitsa mizere, n'kuyankha funso lija kuti masamba onse. Inali ntchito ya munthu wodziwa.

Nankhoma anali kukhitchini, akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Pakati pa tebulo ndi khitchini panali chitseko chimodzi, ndipo chinali chotsegula. Yotamu akanatha kuitana. Anatsegula pakamwa, koma maganizo anafika msanga kuposa mawu. Mkazi wanga sadziwa malo amenewa. Ulemu ali kukoleji. Ndiye ndani? Munthu amene walowa m'makina anga wadzera pakhomo panga. Ndikafunsa lero andinamiza, ndipo wolowayo achenjera.

Anatseka pakamwa. Anabwezera zonse mmene zinalili: zilembo zing'onozing'ono, mizere yothinana, masamba onse. Kenako anadya chakudya chamadzulo n'kuyamikira ndiwo.

Patapita masiku, zilembo zinakulanso. Anabwezera. Zinakulanso. Nthawi iliyonse ankakhala kanthawi akuyang'ana zilembo zikuluzikuluzo ngati munthu amene wapeza mapazi achilendo pabwalo losesa.

Pasukulupo panali munthu mmodzi yekha wodziwa makompyuta kuposa Yotamu. Anali mphunzitsi wa sayansi, Elifala Chikuse, amene ankakhala m'nyumba ya kumapeto kwa mzere wa nyumba za aphunzitsi. Chikuse anali wamasiye, mkazi wake atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo. Anali munthu woseka ndi aliyense, ndipo masiku ena m'mawa sankakhala ndi kalasi. Yotamu anakumbukira kuti tsiku lina Chikuse anabweretsa mpiru wa kudimba kwake n'kuupereka m'manja mwa Nankhoma. Anakumbukira kuti kutchalitchi Chikuse ankaimba besi, ndipo Nankhoma ananenapo kuti mawu ake ndi abwino. Zinthu zimenezi zinali zitakhala m'mutu mwake nthawi yaitali osaluma. Tsopano zinamera mano.

Kuyambira pamenepo Yotamu anayamba kumuyang'anitsitsa mkazi wake.

Anaona kuti Nankhoma wasiya kuwerenga Baibulo madzulo, ati watopa. Mumtima anati: chikumbumtima chikumuluma. Anaona kuti akamalankhula naye sakumuyang'ananso mwachindunji, amapendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana kabawi. Anati: akuopa maso anga. Tsiku lina mkaziyo anathira shuga mu ndiwo m'malo mwa mchere. Anati: mtima uli kwina. Tsiku linanso anamupeza masana atavala chitenje motembenuza, maluwa ali mkati. Tsiku limenelo Yotamu chakudya anachisiya m'mbale.

Madzulo ena Nankhoma anabwera ndi malaya a mwamuna wake amene anathothoka batani, singano ili m'dzanja lina. Anaima pambali pa tebulo.

"Bambo a Ulemu, tandilowetserani ulusiwu."

Zaka zonse za banja lawo anali asanapemphepo zimenezo. Yotamu anatenga singano, analowetsa ulusi kamodzi n'kamodzi, n'kubweza. Mkaziyo sanachoke msanga. Anaimabe ngati akudikira mawu ena. Yotamu anati mumtima: akundinyengerera, akufuna aone ngati ndadziwa. Anatembenukira ku mayeso ake, ndipo mkaziyo anapita.

Sanakalipe. Anangochepetsa mawu. Moni wa m'mawa unafupika. Pogona anatembenukira kukhoma. Nankhoma akafunsa kuti, "Kodi mukudwala?" iye ankayankha kuti, "Ndili bwino. Kapena inu muli ndi choti muulule?" Mkaziyo ankanena kuti, "Ayi." Ndipo ayi ameneyo Yotamu ankamusunga pamodzi ndi zinazo.

Mvula inagwa, chimanga chinamera, chinapaliridwa, chinamasula. Zilembo zinkakula n'kuchepa, kukula n'kuchepa, ndipo m'nyumbamo palibe anatchulapo.

M'mawa wina Yotamu anabwezera zilembo zake zing'onozing'ono, anapita kukalasi, anapatsa ana ntchito, n'kuzemba. Anakaima kuseri kwa thanki ya madzi, pamene nyumba zonse za aphunzitsi zinkaonekera. Anadikira. Dzuwa litakwera anaona Nankhoma akutuluka, atafungatira chinthu chokulunga m'chitenje. Ankayenda pang'onopang'ono motsatira mpanda, dzanja limodzi likukhudza udzu wa mpandawo. Yotamu anati: akuzemba anthu.

Mkaziyo anafika kwa Chikuse n'kuodira. Chikuse anatuluka, anamupatsa mpando pakhonde. Sanalowe m'nyumba. Anakhala pakhonde pomwepo, laputopu ili pamiyendo ya Chikuse, mitu yawo itayandikana. Chikuse ankaloza pa galasi la laputopuyo. Kenako anaisiya, n'kuyamba kulankhula motsitsa ngati munthu wochonderera. Nankhoma ankapukusa mutu. Pomaliza anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Yotamu anati: lero akhala pakhonde chifukwa anthu akudutsa. Masiku enawo ndani akudziwa?

Pobwerera Nankhoma anadzera kufupi ndi thankiyo. Yotamu anatuluka dala n'kuima poyera, m'mbali mwa njira, manja ali m'thumba. Mkaziyo anatembenuzira nkhope komwe iye anali. Anadutsa osaima, osadzidzimuka, osapereka moni. Pa zonse zimene Yotamu anaona, ichi ndicho chinamupweteka koposa. Anati: wafika poti sakundiopanso.

Masana a tsiku lomwelo anamupeza Chikuse ku ofesi ya aphunzitsi akuchonga makope, ena onse atatuluka.

"Aphunzitsi, tandithandizani," anatero Yotamu, akupukuta choko m'manja. "Inu mumawadziwa makinawa. Kodi kompyuta ingathe kusintha zilembo yokha?"

Chikuse anasiya kuchonga. "Yokha ayi."

"Ndiye kuti yanga ili ndi mzimu."

"A Chadzunda, kunyumba mwafunsa?"

"Ndikufunsa inu."

"Ine ndinganene zochepa. Kawafunseni amayi. Muwafunse bwinobwino, mutakhala nawo pansi. Ndipo musachedwe nazo."

"Mukundiphunzitsa kulankhula ndi mkazi wanga?"

"Ayi ndithu. Ndikungokupemphani."

Yotamu anamwetulira, anathokoza, n'kutuluka. Panjira anawabwereza mawuwo m'mutu mpaka anapezamo zimene ankafuna. Munthu uyu akudziwa za m'nyumba mwanga zimene ine sindikudziwa. Munthu uyu akunditumiza kwa mkazi wanga ngati ndine mlendo.

Sanakhale pansi ndi mkazi wake. Anaimbira foni ankhoswe. Anaitana mkulu wake kuchokera kumudzi, anaitananso amalume ake a Nankhoma. Anapempha ahedi kuti adzakhalepo, poti nkhaniyo inkakhudza mphunzitsi mnzake, ndipo ahediwo anauza Chikuse kuti Loweruka limenelo asachoke. Pasukulu ya kumudzi nkhani yotere sikhala m'nyumba imodzi. Pofika Lachisanu, akazi a aphunzitsi ankasiya kulankhula Nankhoma akafika pa mjigo, ndipo ana a sukulu ankanong'onezana Chikuse akalowa m'kalasi. Nankhoma yekha ndiye sankadziwa. Anamva za mlandu wake kwa amalume ake, atatsika kale njinga pakhomo.

Anakhala pabalaza, amuna pamipando, Nankhoma pamkeka. Yotamu anayala nkhani yake monga ankachitira pa bolodi, chimodzi pambuyo pa chinzake. Ananena za zilembo, za Baibulo, za shuga, za chitenje, za pakhonde, za pathanki. Sanakweze mawu. Sanawonjezere chilichonse pa zimene anaona. Atamaliza, mkulu wake anagwedeza mutu, ndipo amalume aja anayang'ana pansi.

Ahedi anatembenukira kwa Chikuse. "Aphunzitsi, ndinu munkasintha makinawa?"

"Ndine. Kangapo konse."

"Chifukwa?"

"Ndinapemphedwa. Chifukwa chakecho ndinalonjeza kuti sindidzanena. Eni ake ali pompano."

Onse anayang'ana Nankhoma. Manja ake anali pamiyendo, mutu utapendekeka.

"Mwana wanga, lankhula," anatero amalume ake. "Ukakhala chete ukutimanga manja tonsefe."



Yotamu anaimirira. Anatenga laputopu, anatsegula tsamba limene mkaziyo analemba za msonkhano wa amayi, atalibwezera ku zilembo zake zing'onozing'ono zija, n'kumuikira mkaziyo pamiyendo.

"Werenga," anatero. Kanali koyamba kumulankhula ngati mwana pamaso pa anthu. "Werenga mokweza. Anthuwa amve ngati pali chovuta ndi zilembo zanga, choti mpaka mkazi wa mwini n'kumapita kukhonde la mwamuna wina."

Nankhoma anayandikitsa nkhope pa galasi. Anatseka diso lamanzere ndi chikhato. Anachotsa, n'kutseka lamanja. Kenako anatsitsa makinawo pang'onopang'ono n'kuwaika pamkeka.

"Sindikuona," anatero.

"Usachite mwano."

"Bambo a Ulemu, sindikuona. Ndikuona kuyera, ndi timizere ngati nyerere zafola. Diso ili linayamba chaka chatha, panopa muli utsi wokhawokha. Linzakeli layamba ndi mvula ino. Inuyo ndikukudziwani ndi mawu, ndi malaya oyera mwavalawo. Nkhope yanu ndinaiona komaliza kale. Za pathanki ndazimva lero. Sindinadziwe kuti panaima munthu."



Amalume ake ndi amene anafunsa. "Nanga osanena bwanji, mwana iwe?"

"Amalume, mukufunsa inu? Munalipo mayi anga atachita khungu. Bambo anga anawapirira nyengo imodzi, n'kupita kukakwatira kutsidya. Ndine ndinkawagwira dzanja mayi popita kuseri. Ndinkati ndikangotchula ndi pakamwa, ndiye kuti ndayamba ulendo womwewo."

Anapuma, n'kupitiriza osayang'ana munthu.

"Kwa a Chikuse ndinapita chifukwa amayi a kutchalitchi ankadikira zolemba zawo, ine zilembo osaziona. Iwowa poyamba anakana. Anati pitani kuchipatala, auzeni amuna anu. Nditawakakamiza anati, chabwino, ndisintha masamba onse, osati lanu lokha, kuti a Chadzunda akangotsegula aone, akufunseni, inu mupeze poyambira. Ndinavomera. Tsiku limenelo chitseko cha kukhitchini ndinachisiya dala chotsegula. Bambo a Ulemu, ndinkaimba kuti mudziwe pamene ndili. Simunaitane. M'mawa ndinapeza zilembo zachepanso, ndinati mwina makinawa aiwala inu musanaone. Ndinapitanso. A Chikuse anati makina saiwala, amuna anu aona ndithu, kawauzeni. Koma pamenepo inu munali mutatembenukira kale kukhoma. Ndinati basi, adziwa za maso anga. Ayamba kundisiya."

Yotamu anafuna mpando ndi dzanja, n'kukhala. Mkulu wake anavula chipewa chimene anali atangovala. Ahedi anatsokomola, anayamba kunena mawu ena, anawasiya panjira. Panalibe mlandu woti aweruze, ndipo panalibenso wodziwa mmene angatsekere msonkhanowo. Chikuse ndi amene anaimirira, n'kupempha kuti apite.

Yotamu anamutsatira mpaka panja.

"Aphunzitsi, ndakulakwirani."

"Mwandilakwira," anatero Chikuse. "Ndakukhululukirani, ndipo nane ndinalakwa kusunga chinthu chimene sichinayenere kusungidwa. Koma amene amva zoona ndi anthu a m'nyumba mwanumo. Ana aja amva zina, ndipo zimenezo ndi zimene zidzakhale. Sindingaimenso pamaso pawo ndi choko. Ndipempha andisamutse."

Anapemphadi, ndipo teremu itatha anachoka. Sukuluyo inakhala nthawi yaitali yopanda mphunzitsi wa sayansi.

Alendo atabalalika, Yotamu anatola laputopu pamkeka paja. Sanaitengere patebulo. Anakhala pansi pambali pa mkazi wake, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kupita ku malo obisika aja. Analemba dzina la mwana wawo, anakweza saizi ya zilembo kufika pamene Chikuse ankaika.

"Amake Ulemu, apa mukuona?"

Mkaziyo anayandikira. "Masiku oyamba ndinkaona. Onjezerani."

Anaonjezera.

"Apa?"

"Pang'ononso."

Anaonjezeranso, n'kuonjezeranso. Pamene mkaziyo ananena kuti, "Pamenepo, ndi Ulemu ameneyo," dzinalo linali litatenga tsamba kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Yotamu analiyang'ana nthawi yaitali. Munthu wa masamu sanafune womuuza kuti kuchokera pamene Chikuse anayambira kufika pamenepa, maso a mkazi wake anali atayenda mtunda wautali, ndipo anauyenda ali m'nyumba mwake, akudya naye mbale imodzi. Makinawo anafunsa funso lawo: tsamba lino lokha, kapena masamba onse? Anasankha masamba onse.

"Mundisiya?" anafunsa Nankhoma.

"Ayi."

"Musayankhe msanga. Bambo anga nawonso anayankha msanga."

Yotamu anangoti, "Lolemba tipita kuchipatala."

Lolemba anakwera minibasi kupita ku chipatala cha maso mumzinda. Potsika anamugwira dzanja, ndipo anazindikira kuti mkaziyo sakuponda pansi asanafufuze ndi phazi. Anadikira pa mzere mpaka masana. Dokotala anali mayi wachikulire, wosachulukitsa mawu. Anaunika diso lamanzere, anaunika lamanja, anabwereranso ku lamanzere, kenako anazimitsa katochi kake.

"Lamanzereli latha," anatero. "Palibe chimene tingachite. Lamanjali latsalako. Pali mankhwala odontheza amene angaimitse matendawa pamene afika, mukamatsatira osadumphitsa. Koma zimene zapita sizibwerera. Mayi, lamanjali linayamba liti kuvuta?"

"Ndi mvula yoyamba."

"Mvula yoyamba. Panopa chimanga chacha. Mukanabwera nthawi imeneyo tikanasunga zambiri." Anatembenukira kwa Yotamu. "Bambo, inu ndi amuna awo? Mumakhala nyumba imodzi?"

"Inde."

"Miyezi yonseyi simunaone chilichonse?"

Yotamu anayang'ana mkazi wake, amene anali atapendeketsa mutu kuti amve yankho.

"Ndinaona, adokotala," anatero. "Ndinaona zonse."

Sanamusiye mkazi wake. Anakhala naye, ndipo mankhwala aja ankamudonthezera yekha m'mawa ndi madzulo osalakwitsa. Diso lamanjalo linaima pamene linali. Nankhoma anakhala ndi kuwala kochepako mpaka ukalamba wake, kokwanira kuona njira ndi zilembo zikuluzikulu, kosakwanira kuona nkhope ya mdzukulu wake woyamba.

Inu amene mukundimvera, Yotamu sananame. Chilichonse chimene ananena pamaso pa ankhoswe chinachitikadi. Maso ake anali akuthwa, ndipo anagwira ntchito nyengo yonse ya mvula osapuma. Koma ankafufuza wolakwa, ndipo m'nyumba mwake munali wodwala.

Chinthu chikasintha pakhomo panu, funso loti wachita ndani limabwera lokha, silifuna kuitanidwa. Funso loti chavuta n'chiyani silibwera lokha. Muyenera kulinyamula n'kupita nalo kwa mnzanuyo tsiku lomwelo, musanayambe kusonkhanitsa umboni. Ndipo inu amene mwabisa ululu poopa kusiyidwa, dziwani kuti pamene mwakhala chete, mnzanu akudziyankha yekha, ndipo sakudziyankha zabwino.

Ngati kwanu kuli munthu amene mwakhala mukumuyang'anitsitsa masiku ano, mukafika musamuyang'anenso choncho. Mukakhale naye pansi, mumufunse.